Kufunditsa Nyumba M'nyengo ya Chisanu ku Macheke

M'miyezi ya June ndi July chisanu chimaluma ku Macheke, dera la mafamu m'chigawo cha Mashonaland East ku Zimbabwe, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi Mozambique. Mwini nyumba wopeza bwino angathe kuyala nthambo zamagetsi pansi pa simenti kapena matailosi kuti chipinda chizifunda kuchokera pansi, n'kuikanso kubafa zitsulo zotentha zoumitsira matawulo.

Komatu njirayi imadya magetsi: chipinda cha masikweya mita 12 chingafune mawati pafupifupi 1,800. Magetsiwonso sadalirika. M'chaka cha 2019, madzi atachepa ku Kariba, bungwe la ZESA linkathimitsa magetsi mpaka maola 18 patsiku.

Mabanja a m'makomboni amadalira nkhuni ndi mbaula. Apa m'pamene pagona ngozi, pakuti makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo.

Choncho ntchito yoyamba ndiyo kusunga kutentha kumene kulipo kale: kuika siling'i, kumata ming'alu ndi kuyala mphasa pansi. Koma nyumba ikamatidwa chotero, mbaula iyenera kutulutsidwa panja banja lisanagone.