Aphunzirire pa chidole, osati pa mayi athu

Achinyamata anzathu,

Lero tikambe za ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya. Ena munena kuti zachipatala sizitikhudza. Dikirani tsiku limene m'bale wanu adzagwe pa kabaza n'kukagonekedwa kumeneko.

Mtima ukaima, ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6. Si nthawi yoti namwino azifunsa kuti makiyi a kabati ya mankhwala ali ndi ndani. Manja azidziwa okha: kukanikiza pachifuwa ka 30, kupopera mpweya kawiri, n'kubwerezanso. Magetsi akathima, jenereta n'kuchedwa kulira, wina agwire msanga Ambu bag, azipopera mpweya ndi manja. Zimenezi munthu saphunzira pomvera. Amaphunzira pochita.

N'chifukwa chake pali maphunziro oyeserera. Amagoneka chidole chonga munthu pabedi, mu wodi momwemo, n'kuliza alamu ngati zenizeni. Dokotala, namwino, wogonetsa odwala, onse athamange. Akatha amakhala pansi, osalozana zala, n'kufunsana kuti tachedwa pati. Apa m'pamene zobisika zimatulukira: silinda ya okosijeni yopanda kanthu, makina oyamwa makhololo osayaka, anthu atatu kuthamangira ntchito imodzi pamene ina palibe waigwira. Chidole chikafa palibe maliro. Mumachidzutsa n'kuyambiranso.

Nanga kwathu kuno "maphunziro" amatanthauza chiyani? Wokishopu ku Mangochi, ku Salima, ku Mponela. PowerPoint, tiyi wa 10 koloko, kusayinira alawansi, basi. Ndiye opitawo nthawi zambiri ndi a mu ofesi, pamene namwino wa usiku, amene adzagwire chifuwa cha mayi athu, watsala mu wodi. Sitinaiwale K6.2 biliyoni ya Covid-19 ija: kafukufuku wa 2021 anaonetsa kuti ina mwa ndalamazo inathera m'ma alawansi, odwala akubanika.

Adzatiuza kuti zidole zake n'zodula. Zilipodi zodula, zopuma ndi kuphethira. Koma chidole wamba, bedi ndi wotchi zikukwana kuyambira.

Vuto lenileni ndi ili: simungayeserere ngati namwino ali yekha ndi wodi yonse. Akachoka pabedi, wodwala weniweni atsala ndi ndani? Chonsecho anzathu amene anamaliza unamwino ali pakhomo, ena akugulitsa kaunjika. Ife a madigiri a m'sutikesi timakumana nawo pa mzere wa intavyu.

Ku Unduna wa Zaumoyo tikuti: ku Queens, Kamuzu Central, Zomba Central ndi Mzuzu Central kuzichitika zoyeserera mwezi uliwonse, a usiku omwe azichita nawo. Ndalama za wokishopu zipite kumeneko. Lembani anamwino ntchito kuti ena akamayeserera, ena azikhala ndi odwala.

Anamwino amene muli pagulu lino, tiuzeni kumbali kuti munayeserera liti komaliza. Mayina sititchula. Enanu tumizani uthengawu kwa phungu wa dera lanu.