Wolasidwa ndi Singano Ayambe Wadikira Asanapereke Magazi

Zipatala za m'Zambia zifuna magazi masiku onse, makamaka cifukwa ca amai otaya magazi pobereka ndi ana amene malungo awathera magazi. Komabe alipo anthu a mtima wabwino amene abwezedwa akafuna kupereka: namwino amene analasidwa ndi singano yobayira wodwala, mzamba amene magazi anamgwera m'maso, kapena munthu amene ananyamula ovulala pa ngozi ya galimoto ali ndi bala kumanja.

Ena adandaula kuti kumeneku ndi kutaya magazi abwino, popeza bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service lipima magazi onse kufuna HIV, cindoko ndi matenda a ciwindi a hepatitis B ndi C. Koma kacirombo kakangolowa m'thupi, papita masabata kasanaoneke popima. Magazi otengedwa m'nyengo imeneyi aoneka abwino, cikhalireco angapatse matenda wodwala amene anati amcize.

Malangizo a World Health Organization a caka ca 2012 anati munthu wotere adikire miyezi 12. Dziko la America linafupikitsa nthawiyi kufika miyezi 3 mu 2020, podalira zopimira zopeza kacirombo msanga. Dziko limene lilibe zopimira zotere paliponse silingatengere zimenezi mwacimbulimbuli.

Kumidzi nkhaniyi ikhudzanso mphini zotemedwa ndi lumo limodzi. Magazi ogwera pa khungu lopanda bala alibe mlandu. Koma wolasidwa ayenera kufika kucipatala maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala a masiku 28 otsekereza HIV, ndipo pa tsiku lopereka magazi aulule zonse kwa namwino.