Welda apange reki, koma wilo asaikhudze

Mwaiona mashini ija pa TikTok na Facebook? Munthu aikankha monga wilibala, aifikitsa pa chitsa, ndipo vidiyo ikalibe kusila chitsa chasanduka utuchi. Dzina lake ni stump grinder. Ku Britain, America na South Africa odula mitengo amayenda nayo pa trela, ndipo kuli mashopu obweleketsa pa tsiku. Kuno kwathu ikali yosowa. Chitsa cha mango olo jacaranda pa puloti ya ku Chalala timalimbana nacho na piki, nkhwangwa na moto. Koma tidziwana. Chimene mnyamata wa mu komboni waona pa foni pa Mande, pofika Chisanu welda wa ku Kalingalinga olo ku Garden ayamba kale kupima nsimbi. So tiyeni tikambilane moto wa welding ukalibe kuyaka.

Mashini iyi ili na wilo yolema ya nsimbi kutsogolo, yokhala na mano olimba a carbide. Injini iizungulutsa, imwe muipeleka kumanzele na kumanja, ipala chitsa pang'onopang'ono mpaka kuloŵa pansi pa dothi. Chimene mavidiyo saonetsa ni mulu wotsala. Chitsa chikaphwanyika, tuzidutswa twake tusakanizika na dothi, mulu ukula kuposa chitsa chenicheni. Walila mvula walila matope. Mulu uja ukwilila chitsa, simuonanso pamene mano agunda, wilo iyamba kugaya zimene yagaya kale, petulo ingosila chabe. Choipa maningi n'chakuti mu mulu mubisala mwala, msomali, olo waya wa fensi yakale umene mtengo unameza pokula. Ndipo Lusaka muidziwa, mbali yaikulu inakhala pa mwala wa laimu. Mano akagunda mwala, mwala uuluka. Ukaphonya diso lanu upeza windo ya landilodi olo mwana wa aneba amene abwela kutamba.

Apa m'pamene nzelu za welda zigwila nchito, ndipo pali zinthu zitatu zimene angakupangileni popanda vuto.

Choyamba ni chotchinga. Mapulanga aŵili olo atatu a plywood, olumikiza na mahinji kuti aimilile okha, muwaimika kuzungulila chitsa kumbali kumene kuli nyumba, motoka na anthu. Tuzidutswa tugunda pamenepo n'kugwela malo amodzi, kuwola kukhala kosavuta. Malata osasewenzetsa, chifukwa mwala ukagunda nsimbi umabwelela kwa mwine wake.

Chachiŵili ni mphila yolendewela kumbali na kumbuyo kwa wilo. Mashini zambili zimabwela nayo kuchokela ku fakitale, koma imang'ambika. Chidutswa cha lamba wakale wa conveyor, uja wochokela ku migodi na m'mafakitale, chiloŵa bwino m'malo mwake. Mumange na mabauti, osati waya, ndipo mudule kutalika kwake kuti wilo isaifikile olo mphila ipindike bwanji.

Chachitatu ni reki ya mpini wautali na mano otalikilana, kuti ikoke tuzidutswa n'kusiya dothi. Ena amawotchelela kansimbi kophwaphwatala kutsogolo kwa wilibala yakale, kukhala monga ka giledala kokankhila mulu pambali. Ngati muli na blower ija youzila masamba, nayonso ithandiza kuonetsa mizu, koma uzilani kumene kulibe munthu.

Manje mvelani lamulo, chifukwa reki yabwino nayo ingakupwetekeni. Osawola wilo ikali kuzungulila. Zimitsani injini, yembekezani wilo iime zii, bwezani mashini kumbuyo, ndiye muwole. Wilo yolema siima pamene mwazimitsa, imapitiliza kuzungulila yokha kwa kanthawi. Ikagwila mano a reki, mpini ubwela kumaso kwanu. Ndipo mnzanu amene akuthandizani pa pisiweki asaime pafupi na fosholo ati nizichotsako uku upala. Iyayi. Mugaŵana ndalama, osati ngozi. Kusuntha mulu na phazi ndiye osayesa, buti siilimba kuposa chitsa cha bulugamu.

Kwa welda, malile ni awa: chilichonse chimene sichizungulila angapange, koma wilo na chotchinga chake asakhudze. Alipo amene aganiza zowotchelela tumapiko pa wilo kuti izikupiza yokha tuzidutswa kutali. Wilo ija inapimidwa kuti ileme mofanana mbali zonse. Mukaikapo nsimbi mbali imodzi iyamba kunjenjemela, mabeling'i adyeka, ndipo tsiku lina chowotchelela chija chidzathothoka mashini ili pa liwilo. Kuchotsa chotchinga ati kuti nione bwino, nakonso ni kudzikumbila dzenje.

Koma ngozi yeniyeni ya mu komboni ni ina. Popeza stump grinder kulibe, anyamata ena amatenga grinder yodulila nsimbi n'kumangapo sowo yozungulila ya mapulanga kuti adule mizu. Mudala, osachita. Grinder yaing'ono ya 115 mm imazungulila maulendo pafupifupi 11,000 pa mineti, ndipo sinapangidwile sowo ya mano. Dzino limodzi likakodwa mu muzu, mashini yonse idumpha kubwela kumanja, kuntchafu olo kukhosi, mofulumila kuposa mmene chala chingapezele switchi. Ndalama ya chitsa chimodzi siingagule dzanja. Ngati mashini yoyenela palibe, kumbani mozungulila, tsukani dothi pa mizu, dulani na nkhwangwa. Ni nchito ya thukuta, koma mubwelela kunyumba na zala zonse khumi.

Mukalibe kuyamba, funsani mwine puloti pamene papita paipi ya madzi na waya wa malaiti wopita ku geti olo ku borehole. Safunsa anadya phula. Valani magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu na mabuti, osati mapatapata.

Nanga mulu mwawola uja? Osaubweza wonse mu dzenje. Tuzidutswa tukaola dothi limatitimila, ndipo ngati bwana afuna kuikapo pavingi, adzakuitanani na mkwiyo mainza akasila. Dzenje mudzaze na dothi, mutsindile. Tuzidutswa muyale pamwamba pa dothi mozungulila mitengo ya zipatso na maluwa, tusunga chinyezi mu Okutobala dzuwa likalusa. Osatukwilila mu bedi ya repu olo tomato, chifukwa poola tumalanda chakudya cha mbewu, masamba achita chikasu. Osatuunjika pa khoma la nyumba, chiswe sichichedwa kumva nkhani.

Ndipo pokambilana mtengo wa nchito, kuchotsa mulu kukhale na mtengo wakewake. Ambili amachaja chitsa chabe, pa last apezeka akankha wilibala mpaka mdima popanda olo ngwee imodzi yowonjezela. Muuzeni bwana poyamba: kupala chitsa ni zakuti, kuchotsa zinyalala na kudzaza dzenje ni zakuti. Akakana, msiyileni reki.