Pakhonde Pathu: Mphero Yotsekera Khola

Abale anga, tchuthi chathachi ndinakwera mapiri a ku Ntchisi kukazonda azakhali, nditatenga mdzukulu wanga wa Sitandade 6. Kuseri kwa nyumba mwanayu anaona mwala wosalala, wolowa pakati, atatsekera khola la nkhuku.

"Agogo, mwalawu anaukumba ndani?"

Azakhali anaseka. "Iwe, imeneyo ndi mphero! Mawere a phala limene linakulitsa agogo akowa tinkapera pamenepo."

Manyazi anandigwira. Mwana wotchula matimu onse a mpira a ku England, koma mphero osaidziwa!

Pobwerera tinatsikira ku Dowa mpaka ku Salima, n'kukhotera ku Mua. Kumeneko kuli nyumba yosungiramo zamakedzana ya Chamare, pamalo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Zipinda zake zitatu zimaonetsa moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa, ukwati mpaka maliro. Mwana uja mafunso sanamuthere, ndipo ena ine ndemwe ndinakanika kuyankha.

Kwathu ku Mangochi nyumba yotere ilipo chiyambire 1971, pafupi ndi mlatho wa Shire. Ndi angati mwa ife tinalowetsamo ana athu?

Tiyambire pakhomo. Mono, mtsuko, chipande ndi mtondo wakale tisagulitse kwa ongodutsa. Tisunge pouma, ndipo mwana alembe m'kope dzina la chinthucho, ntchito yake ndi mwini wake. Azakhali aja maso ayamba kuchita mdima. Tifunse lero akadalipo otiyankha.