Phiri Silipereka Magazi kwa Munthu Wosadya Bwino

Anthu ambiri amadabwa poona kuti akatswiri othamanga mitunda italiitali amachokera ku Kenya ndi ku Ethiopia. Zifukwa zake n'zambiri, koma chimodzi mwa izo chili m'magazi, ndipo m'menemo muli phunziro la ife tonse, ngakhale amene sitinalowepo mumpikisano.

M'chaka cha 1968 masewera a Olimpiki anachitikira ku Mexico City, mzinda umene uli pamtunda, mamita 2,240 pamwamba pa nyanja yamchere. Othamanga ambiri ochokera kumadera otsika anabanika, ena mpaka kukomoka. Koma Kipchoge Keino ndi Naftali Temu a ku Kenya, ndiponso Mamo Wolde wa ku Ethiopia, amene anazolowera kumapiri, anapambana. Chiyambire nthawi imeneyo, othamanga a m'mayiko ambiri amakakonzekera kumalo okwera monga Iten ku Kenya.

Kodi phiri limachitanji m'thupi? Kumalo okwera mpweya ndi wopepuka, motero munthu akapuma, okosijeni wolowa m'magazi amakhala wochepa. Impso zikazindikira zimenezi, zimatulutsa mankhwala achilengedwe otchedwa EPO, amene amalamula mafuta a m'mafupa kupanga maselo ofiira ochuluka. Maselowa ndiwo amasenza okosijeni kuchokera m'mapapo kupita ku minofu. Pakatha masabata atatu kapena anayi, magazi amasenza okosijeni wochulukirapo, ndipo wothamangayo akatsikira kuchigwa satopa msanga.

Komatu pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Phiri limangolamula, koma zipangizo zimachokera m'mbale. Mmisiri angauzidwe kumanga nyumba, koma popanda njerwa sangamange kanthu. Njerwa za magazi ndi mchere wa ayironi. Wothamanga amene m'thupi mwake ayironi ndi wochepa angakhale paphiri mwezi wathunthu osapindula kwenikweni. N'chifukwa chake madokotala amayamba amupima magazi asanakwere.

Tsono ngati katswiri wamphamvu chotere amasamala za ayironi, kuli bwanji mayi woyembekezera, mwana wamng'ono, kapena mlimi wogwira khasu m'mawa ndi madzulo? Mayi wosenza mtolo wa nkhuni kutsika phiri la Dedza kapena la Zomba, thupi lake limafuna okosijeni monga la wothamangayo. Akayamba kuchita wefuwefu pakamtunda kakang'ono, mtima kugunda, chizungulire, zikhatho ndi m'kati mwa zikope kuyera, si ulesi ndipo si ufiti. Kawirikawiri kumakhala kuchepa kwa magazi, matenda amene angaphe mayi pobereka.

Maganizo anga ndi akuti tileke kufunafuna magazi m'mabotolo a zakumwa zofiira kapena kwa anthu obaya jakisoni m'midzi. Njira yachidule ndi yoopsa. Ochita masewera ena anadzibaya EPO wopangidwa m'fakitale. Mankhwalawa amalimbitsa magazi ngati phala ndi kulemetsa mtima, ndipo ndi oletsedwa m'mipikisano. Maselo ofiira amakhala masiku pafupifupi 120, kenaka thupi limapanga ena. Choncho magazi samangidwa tsiku limodzi, koma tsiku ndi tsiku, motere:

1. Idyani nyemba, nandolo, usipa, matemba, nyama, chiwindi ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani ndi chisoso. Masamba asaphikidwe mopitirira ndiponso musathiremo soda.

2. Pa chakudya onjezani zipatso monga malalanje, magwafa kapena malambe, pakuti zimathandiza thupi kuyamwa ayironi. Tiyi amalepheretsa zimenezi, choncho imwani patapita nthawi mutadya.

3. Tsekani pamene magazi amathera. Malungo amaswa maselo ofiira, gonani m'masikito. Likodzo limataya magazi m'mkodzo; pitani kuchipatala msanga.

4. Kumbani chimbudzi ndi kuchigwiritsa ntchito. Njoka zina za m'mimba zimalowera kumapazi n'kukayamwa magazi m'matumbo. Abebe Bikila anapambana ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, koma iye ankaponda msewu, osati dothi la kuseri kwa nyumba kumene anthu amadzithandizirako. Ana athu avale nsapato.

5. Amayi oyembekezera, yambani sikelo msanga ndipo mapiritsi owonjezera magazi muzimwa onse monga mwauzidwira. Chimbudzi chikada musaope, ndi mmene mankhwalawo amachitira.

Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Lero, musanachoke pachipatala pano, pemphani anamwino akuoneni ngati magazi anu ndi a ana anu ndi okwanira.