Wodwala Sitiroko Asagone Pakhomo

Abale ndi alongo okondedwa a m'maboma a Tsangano ndi Macanga, mwezi uno tikumbutsane za matenda a kufa kwa ziwalo, amene achipatala amawatcha sitiroko kapena AVC. Munthu ali bwinobwino, mwadzidzidzi pakamwa pakhota, dzanja ndi mwendo za mbali imodzi zalefuka, lilime lalemera. Pamenepo ambiri a ife timafulumira kunena kuti afiti amumenya ndi hamala, ndipo timayamba kuloza chala agogo a m'mudzi, wodwala ali gone pamphasa.

Matendawa ali pawiri. Mwina mtsempha wa mu ubongo watsekeka ndi magazi oundana, mwinanso waphulika ndipo magazi akukhuthukira mu ubongo. Kunja zizindikiro zimafanana, kotero kuti ngakhale dokotala sangathe kusiyanitsa motsimikiza ndi maso okha. Choulula zenizeni ndi makina ojambula m'mutu otchedwa CT, m'Chipwitikizi TAC. Makinawa anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, ndipo lero amatsiriza ntchitoyo m'mphindi zochepa.

Chithunzicho chimafunika msanga, pakuti mankhwala ochiritsa mtundu umodzi angathe kupha wodwala mtundu winawo. Mankhwala osungunula magazi oundana amathandiza akaperekedwa asanathe maola 4 ndi theka, koma mtsempha ukakhala kuti waphulika amaonjezera kukha kwa magazi. Ngakhale asipirini wa pagolosale ndi woopsa kwa munthu wotere. Ku Maputo, pakati pa 2005 ndi 2006, madokotala analemba matenda a sitiroko 651, ndipo mwa amene mtundu wake unadziwika, pafupifupi 4 mwa 10 alionse anali a mtsempha wophulika.

Makina otere sapezeka m'zipatala zathu zazing'ono, koma m'zipatala zazikulu za m'mizinda. Ulendo wochokera ku Furancungo kapena ku Tsangano kukafika ku Tete ndi wautali, makamaka m'nyengo ya dzinja. Chifukwa chake maola amene njira idzatidyera tisayambe kuwataya pakhomo.

Tikaona zizindikirozi, tisunge ola limene zayambira, pakuti adokotala adzafunsa. Wodwala tisamupatse phala, madzi kapena mankhwala alionse, chifukwa angatsamwidwe. Timugoneke cham'mbali, tithamangire naye ku chipatala chapafupi, kumene angamutumize patsogolo. Kupemphera ndi koyenera ndithu, koma tipempherere m'njira, galimoto ikuyenda.

Tikupempha akulu a mpingo kuti pa mudzi uliwonse adziwiretu amene ali ndi galimoto, ndiponso kuti pakhale kathumba ka ndalama za mafuta. Ifenso tonse tikayezetse kuthamanga kwa magazi, popeza ndiko kumabala matendawa kawirikawiri. Walira mvula walira matope: ngati tifuna kuti odwala athu achire, tilandirenso ntchito yowanyamula usiku.