Thumba la makala amagula ndani?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, nkhani yanga lero ndi ya mitengo.

Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere kuno ku Mchinji mu 1903. Mukafika pa mishoni zakale ngati imeneyi, Guilleme kapena Ludzi, mumakhala pa mthunzi wa mitengo imene ena anaisamala kalekale. Koma taonani mapiri athu kumene kumayambira mtsinje wa Bua. Akumetedwa mpala chaka ndi chaka.

Mu 2015 Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si', kutikumbutsa kuti chilengedwe chikawonongeka, oyamba kuvutika ndi osauka. Ife timathamangira kudzudzula bambo wokankha njinga ya makala. Nanga thumba lakelo amagula ndani? Ndife tomwe, olandira malipiro pakutha pa mwezi. Iye akungosaka fizi ya mwana wake, mwina ali m'kalasi mwanu momwemo.

Dzinja lino sukulu iliyonse ibzale mitengo ndi kuisamalira mpaka ikule, osati kungojambulitsa tsiku lobzala. Ine ndayamba ndi ana anga a Fomu 2. Inu muyamba liti?